Kuvomera mlandu chifukwa chotopa ndi rimandi

Abale anga a kuno ku Chipata, nkhani yovomera mlandu mogwirizana ndi boma tiziyiona bwino. Kuyambira 2010 dziko lathu la Zambia lili ndi lamulo lotchedwa Plea Negotiations and Agreements Act. Woimira boma pamlandu amati: iwe vomera, ife tikuchotsera milandu ina kapena tikutsitsira kumlandu wocheperako. Ku High Court si zachilendo kumva kuti munthu amene amaimbidwa mlandu wakupha mwadala wavomera wakupha mosakonzekera. Mboni sizivutikanso kuchokera ku Vubwi kapena ku Chadiza, mlandu watha. Zimenezo ine sinditsutsa.

Chimene ambiri sauzidwa n'chakuti ukavomera, apilo yako yachepa mphamvu. Ungapite bwanji kukhoti lalikulu kukanena kuti umboni unali wosakwanira, pomwe mboni sizinaitanidwe n'komwe ndipo pakamwa pako pomwe panatuluka kuti "ndinachitadi"? Chotsala kwenikweni n'kudandaula za kukula kwa chilango, kapena kuonetsa kuti kuvomera kwako sikunali komveka bwino. Nthawi nayo ndi yochepa: apilo yochokera kwa majisitireti imafunika kulowa pasanathe masiku 14. Munthu ali m'ndende, foni alibe, achibale ali kumudzi akufunafuna ndalama ya basi. Masikuwo amatha ngati mchere m'madzi.

Ndiye pali milandu ina yomwe lamulo linaikiratu chilango chotsikitsitsa. Kuba ng'ombe, mlandu wodziwika bwino kuno kum'mawa, sikutsika zaka 5. Majisitireti ngakhale akumvere chisoni sangatsitse, ndipo apilo siingakupatse zaka zochepera pamenepo.

Anthu amati, "Nanga anavomereranji ngati sanalakwe?" Amene amatero sanakhalepo pa benchi ya m'khoti kuona munthu amene wakhala pa rimandi, kutsekeredwa podikira mlandu, miyezi yambirimbiri, mlandu ukungosunthidwa tsiku. Amaima m'bokosi atatuwa, nsapato alibe. Mlandu ukuwerengedwa m'Chingerezi, womasulira akuthamanga nawo, woimbidwa mlanduyo n'kuyankha kuti, "Ndinatengadi, bwana, koma anali ndi ngongole yanga." Chiganizo chimenecho si kuvomera, ndi kudziteteza. Khoti losamala limalemba kuti wakana. Koma womasulira akangodula pa "ndinatengadi", munthu wapita, ndipo zolembedwa m'failo ndi zimene khoti la apilo lidzawerenge.

Maganizo anga ndi awa: kuchepetsa apilo kwa amene wavomera kulibe vuto ngati munthuyo anayamba wakhala pansi ndi loya, kaya wa Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza osowa ndalama ya loya, n'kuuzidwa m'Chinyanja, m'Chinsenga kapena m'Chitumbuka chimene akutaya. Majisitireti kapena jaji azifunsa poyera kuti, "Kodi mukudziwa kuti mukavomera, kukatsutsa chigamulochi kudzakhala kovuta?" ndipo yankho lilembedwe momwe munthuyo walinenera. Ngati funso limeneli silinafunsidwe, khomo la apilo lisatsekedwe.