Kuwiritsa sikuchotsa PFAS

Inu amene mwalemba nkhani ya PFAS, mankhwala opangidwa m'mafakitale amene sawola msanga ndipo amapezeka m'madzi, mwafotokoza bwino za malire amene EPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe ku America, inaika mu 2024, oti PFOA, mtundu umodzi wa PFAS, isapitirire mananogalamu 4 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Koma ena m'ndemanga za m'munsi mwa nkhaniyo akuti "ingowiritsani basi". Ayi ndithu, abale anga! Kuwiritsa kumapha majeremusi, koma PFAS amatsalira mumphika, ndipo madzi akamaphwa amangochulukiramo.

Kuyeza kwakenso ndi chintchito. Mlingo umenewu uli ngati kadontho kamodzi m'maiwe asanu osambiramo a Olympic, n'chifukwa chake pamafunika makina a LC-MS/MS, otha kuzindikira mankhwala ochepetsetsa m'madzi. Botolo lotungira lisakhale ndi Teflon, pulasitiki wa m'gulu la PFAS, chifukwa lokhalo lingaipitse madzi oyezedwawo. Mchemwali wanga amagwira ntchito mu labu. Akuti potunga saloledwa kuvala ngakhale jekete losalowa mvula, poti lingakhale ndi PFAS. Ndinaseka, kumayesa nthabwala.