Ankolo a ku babashopu: "kamera sinama"

Paliponse pamene pali TV pamakhala ankolo amodzi oti mzungu akangotsokomola iwo amati walankhula zanzeru. Athu amametetsa kuseri kwa depoti pa Kasungu boma, ndipo tsikuli pa TV panali mpikisano uja wa kunja woti anthu ophunzira azilimbirana ntchito.

WOMETA: Khalani bwino ankolo. Musadabwe ndi sisiyu, akujambula kavidiyo kotsatsira shopu pa sitetasi. Anti ali bwanji kunyumba?

ANKOLO: Ali gwa. Taimika kaye makinawo mphwanga, ona TV. Mayi uyu ndi wamwano, achoka lero lomwe ameneyu.

WOMETA: Musagwedeze mutu, ndikudulani khutu.

ANKOLO: Khutu ndi langa.

SISI: Wanena chani chamwano mayiyo ankolo?

ANKOLO: Chizungu chake chathamanga sindinagwire bwino, koma nkhope ikuchita kuonetseratu.

SISI: Wati ndalama zomwe awerengera anzakewo sizikwana. Ndi akauntanti, ntchito yake ndi yomweyo.

ANKOLO: Ndiye azinena atatong'ola maso choncho?

SISI: Nanga mzungu uja wamenya tebulo pompanoyu mpaka kapu kugwa?

ANKOLO: Umenewo ndiye utsogoleri. Bwana amafunika akhale ndi moto.

SISI: Chabwino. Nanga bambo wakuda wangokhala cheteyo?

ANKOLO: Waulesi. Anangopitira zakudya ameneyo.

SISI: Mzungu wa magalasiyo nayenso sanalankhule chiyambireni.

ANKOLO: Akuganiza. Sukuona mmene wagwirira chibwano?

WOMETA: Kkkkk ankolo, akusinza ameneyo.

ANKOLO: Mzungu sasinza pa miting'i, amatseka maso kuti aone patali. Iwe meta.

SISI: Ndiye munthu wakuda apange chani kuti mumukonde? Akalankhula wamwano, akakhala chete waulesi.

ANKOLO: Azimwetulira.

SISI: Uyo wa suti ya buluuyo akumwetulira.

ANKOLO: Ameneyo ndiye wachinyengo weniweni, munthu sungamangoseka popanda chifukwa.

(Apa sisi anaika foni pa shelefu kamera ikadali yoyaka, nkutenga ina yomwe wina anasiya pa tchaja. Sisiyu ali ndi digiri koma ntchito yake panopa ndi kutchaja mafoni a anthu, ndiye mkwiyo ali nawo wosunga.)

SISI: Ankolo, The Apprentice ya ku America mumaidziwa? Ija ankayendetsa Donald Trump asanakhale pulezidenti.

ANKOLO: Ndani saidziwa. Munthu wachilungamo uja, akati wachotsedwa ndiye kuti wachotsedwa basi.

SISI: Mu 2005 anawina munthu wakuda, Randal Pinkett. Madigiri 5 ankolo, ina ya ku Oxford, udokotala wa ku yunivesite ya MIT. Atangomuuza kuti wawina, pompo Trump anamufunsa ngati angalole kuti mtsikana wachizungu yemwe anakhala nambala 2, Rebecca Jarvis, alembedwenso ntchito limodzi naye.

ANKOLO: Eya, ndiye anavomera?

SISI: Anakana. Anati wopambana ndi mmodzi.

ANKOLO: Waona! Kuumira! Ndi vuto lathu anthu akudafe limeneli, sitifunirana zabwino.

SISI: Atatu omwe anawina iye asanabwere onse anali azungu, palibe anafunsidwa zogawana ndi munthu.

ANKOLO: Chifukwa Trump ankadziwa kuti amenewo avomera. Ukadziwa kale yankho umafunsiranji?

WOMETA: Koma ankolo, inu muja munawina mbuzi pa mpikisano wa alimi munagawirako ndani?

ANKOLO: Mbuzi ndi nkhani ina. Mbuzi sigawika ili yamoyo.

SISI: Sizoni yoyamba, 2004, Kwame Jackson anafika mu fainolo ali ndi digiri ya bizinesi ya ku Harvard, anathera nambala 2. Iyeyo bwanji sanamuganizire zogawana?

ANKOLO: Nambala 2 ndi nambala 2 mwana iwe, mpikisano si maliro kuti aliyense adye.

SISI: Mwangonena kumene kuti Randal akanagawa!

ANKOLO: Ndanena, ndipo ndikubwerezanso. Zonse ziwiri ndi zoona. Komanso 2004 imeneyo ndi ya Omarosa, wakuda uja anapikisana nawo, mfiti ya mkazi ija, dziko lonse linaona.

SISI: Dziko lonse linaona zomwe anasankha kulionetsa. Anthu amajambulidwa masiku ndi masiku, inu mumaonera ola limodzi lokha pa sabata, enawo amataya. Zili ngati belo ya fodya ankolo, womanga ndi amene amasankha tsamba loti likhale pamwamba, ndiye wina amuikira pamwamba masamba owola okhaokha, mnzake amuikira a giredi yabwino, inu mukungoona pamwambapo nkumati ndadziwa belo yonse.

ANKOLO: Za fodya usandiphunzitse, ndayamba kulima usanabadwe. Kamera sinama.

SISI: Ndi nyimbo zomwe amasankha. Wakuda akamalowa amaika ya ng'oma yoopsa ija, mzungu akamalira amaika ka limba kachisoni.

ANKOLO: Nyimbo imatsatira khalidwe la munthu. Kamera sinama.

WOMETA: Weramani pang'ono.

ANKOLO: Sindiwerama, ndikuonera.

SISI: Big Brother ya ku America inayamba 2000. Munthu wakuda woyamba kuwina mpikisano waukuluwo anadzawina 2021. Zaka zonsezo ankolo, palibe wakuda ngakhale mmodzi anali ndi nzeru?

ANKOLO: Ankachedwa kudzuka.

SISI: Xavier Prather dzina lake, loya. Koma mnyumbamo sanaulule kuti ndi loya, anawauza kuti amagulitsa mowa mu bala, kuopa kuti akadziwa kuti ndi wophunzira amuchotsa msanga.

ANKOLO: Ndiye wabodza ameneyo! Loya wabodza! Ndimadziwa ine.

WOMETA: Gemu yake ndi yonamizana ankolo, azungu omwe amanama mmenemo.

ANKOLO: Mzungu akatero ndi pulani. Usasokoneze zinthu.

SISI: Anagwirizana anthu akuda 6 kuti asachotsane mpaka kumapeto, ankadzitcha The Cookout, ndipo zinathekadi, onse 6 anatsala okha mnyumba.

ANKOLO: Tsankho limenelo. Tsankho loonekeratu masanasana.

SISI: Zaka 20 kawirikawiri azungu akhala akutsala okhaokha simunanenepo za tsankho.

ANKOLO: Amenewo zinkangochitika, sankapangana.

SISI: Munali pomwepo?

ANKOLO: Ndimaona nkhope ine. Ndiye tandiuza, akudawo anachuluka bwanji mnyumba mwadzidzidzi?

SISI: Mu 2020 a CBS, kanema amene amaonetsa Big Brother-yo, analonjeza kuti theka la olowa mipikisano yawo azikhala anthu osakhala azungu.

ANKOLO: Ohooo! Kota! Kota ija tinkakangana kuno ya ku yunivesite yafika ku America? Ndiye usandiuze kuti anawina, anachita kumunyamula.

SISI: Kulowa anamulowetsa, koma ovota pamapeto onse 9 anavotera iyeyo, azungu omwe.

ANKOLO: Ndi anthu achifundo azungu, ndimakuuzani simumva.

(Abale, munthu wa mtundu uwu ngakhale mutamubweretsera Xavier yemweyo pa kabaza atanyamula satifiketi, adzafunsa kuti wasainira ndani.)

SISI: Chaka chotsatira, 2022, anawina Taylor Hale, mkazi wakuda woyamba. Sabata yoyamba yomwe anzake anali atayamba kale kumujeda ndi kumusala asanawalakwire kanthu, mpaka oonera kunja anakwiya. Pamapeto anatenga 750,000 dolazi, oonera nkumusankhanso kuti ndi amene amamukonda kwambiri, ina 50,000 pamwamba.

ANKOLO: Anagawirako amene anakhala nambala 2?

SISI: Ankolo!

ANKOLO: Ndangofunsa. Ine wakuda amene ndinamuvomereza pa TV ndi mmodzi, Cherise wa ku Zambia, Big Brother Africa 2003. Mwana wamakhalidwe, ankaphika, ankasesa, anzake akungogona. Ameneyo 100,000 dolazi inamuyenera.

WOMETA: Si inu munkati aphungu anachita bwino kuiletsa pa TVM chaka chimenecho?

ANKOLO: Anachita bwino, inali yolaula.

WOMETA: Ndiye munaonera bwanji?

ANKOLO: Khothi litaibweza ndinkaonera kuti ndidziwe chomwe ndikudana nacho.

SISI: Ndiye kwa inu wakuda wabwino ndi wogwira tsache. Akagwira cholembera ndi wamwano.

ANKOLO: Iwe digiri yakoyo ndi imene ikukuchedwetsa kukwatiwa. Kamera sinama, ndatha ine.

SISI: Chabwino ankolo. Achimwene, nambala ya anti muli nayo?

WOMETA: Ili pa khomapo, pansi pa ya amakala.

(Panadutsa mphindi zochepa, sisi ali jegwejegwe ndi zala pa foni. Kenako foni ya ankolo inayamba kulira nyimbo ya kwaya. Ankolo amayankha pa sipika nthawi zonse, akuti foni ikagunda khutu imabweretsa matenda.)

ANTI: Bambo a Chisomo.

ANKOLO: Mayi, ndili pa mpando ndikumetetsa.

ANTI: Ndaona. Ndiye ine ndi wamwano eti? Ndichoka lero lomwe?

ANKOLO: Iii mayi, mukunena chani?

ANTI: Vidiyo ndili nayo pano. Mwanayo wakufunsani bwinobwino kuti anti ali bwanji kunyumba, inu mwati mayi uyu ndi wamwano achoka lero lomwe. Kenako mwati waulesi, anangopitira zakudya. Zaka zonsezi ndakhala ndikusoka fodya wanu mchigafa ine, lero ndinabwerera zakudya?

ANKOLO: Adula! Mayi, adula pakati! Ndinayankha kuti muli gwa, zinazo ndimanena mayi wa pa TV!

ANTI: Pakamwa ndi pa ndani?

ANKOLO: Ndi panga koma...

ANTI: Mutu wometa theka uwo ndi wa ndani?

ANKOLO: Ndi wanga, koma alumikiza mawu a kutsogolo ndi a kumbuyo, ndiye aikanso nyimbo yoopsa pansi, ine sindinalankhule ndi nyimbo!

ANTI: Nyimbo imatsatira khalidwe la munthu, mumatero nokha pa sitolo pano tsiku ndi tsiku. Ndipo mwamaliza ndi kuti mfiti ya mkazi.

ANKOLO: Ameneyo ndi Omarosa!

ANTI: Ndiye alipo wina? Omarosa wa kuti ameneyo, wa ku Chinkhoma? Ndi chifukwa chake ndalama za fodya sizimafika kunyumba?

ANKOLO: Wa ku America mayi!

ANTI: Mpaka ku America. Chabwino. Kamera sinama bambo a Chisomo. Mundipeza.

(Foni thii.)

WOMETA: Pepani ankolo. Weramani ndimalize mbali iyi.

ANKOLO: Mwana iwe wandiphera banja.

SISI: Sindinaonjezere liwu ngakhale limodzi ankolo, onsewo ndi mawu anu. Mwakhala pano pafupifupi ola, ine ndangosankhapo masekondi 15.

ANKOLO: Ndi ufiti umenewu.

SISI: Ndi zomwezo amapanga pa TV paja. Mwaona tsopano?

ANKOLO: Ndaona.

SISI: Eya!

ANKOLO: Ndaona kuti munthu wakuda ukamupatsa kamera amaononga. Akanadula mzungu vidiyo imeneyi bwenzi nditaoneka bwino, amenewo anapitira kusukulu zodulazi.

WOMETA: Kkkkkk ankolo inu simudzatheka.

SISI: Taonani TV, akulengeza. Wachotsedwa ndi womenya tebulo uja. Mayi wamwano uja akuti ndi yekhayo anawerengera bwino ndalama.

ANKOLO: Ndinanena ine.

SISI: Munanena chani??

ANKOLO: Kuti bwana wachizungu uyu amaona patali. Taona mmene wamutulukira mayiyu pakati pa gulu lonselo, wina akanamuphonya. Mayiyu akathokoze, wapeza bwana wabwino.

SISI: Achimwene ine ndikupita kukagula chips, ndisanapalamule.

(Foni ya ankolo inayambanso kulira kwaya ija.)

WOMETA: Ndi anti.

ANKOLO: Yankha ndiwe mphwanga, uwafotokozere kuti vidiyo ija ndi yodula.

WOMETA: Ine sandikhulupirira, amadziwa kuti ndinu kasitomala wanga.

ANKOLO: Ndiye ufinye mphuno uyankhe mchizungu. Uziti ndiwe Mr Johnson.