Chenjezo kwa inu olowa m'mitambo ndi logbook yogona

Sabata yatha ndinachita kukhala pansi nditamva zomwe wachita mnyamata wina amene ndinamuona akuyamba kuphunzira ndege. Ananyamula mkazi wake ndi mwana, napempha kuuluka pa IFR (kuuluka modalira zipangizo, osaona panja), nalowa m'mitambo. Pofika pabwalo lomwe amakatera anapeza chifunga chili gwa. Approach yoyamba, kutanthauza kutsikira kubwalo motsata zipangizo, anaiphonya. Yachiwiri anatsika kupyola malire mpaka woyang'anira ndege pa wailesi anachita kumukuwira kuti akwere msanga. Anapulumuka, inde. Koma nditakumana naye ndi kumufunsa kuti approach yomaliza anaiuluka liti, anayankha akumwetulira kuti papita chaka ndi miyezi ingapo. Akumwetulira! Mwana ali pampando wakumbuyo!

Ana inu, mwatani kodi? Lamulo la FAA, bungwe loyang'anira zandege ku America, pa 14 CFR 61.57 mukulidziwa, munalilemba pamayeso. Ma approach 6 m'miyezi 6 yapitayo, holding (kuzungulira m'mwamba podikira), ndi kugwira njira n'kuitsata ndi zipangizo. Ndi zochuluka zimenezi? Ndalama ya mafuta yopita kokacheza mumaipeza, koma ola limodzi mu simulator (makina oyeserera kuuluka), kapena ndi mnzanu wokhala safety pilot, woyang'ana panja m'malo mwanu, inu mutavala hood yokutchingani maso kuti muone zipangizo zokha, ndiye mukuti mulibe nthawi. Miyezi 6 ikadutsa lamulo limakupatsaninso ina 6 yoti mukonze. Nayonso mumaigona. Ikakwana 12 palibenso kuchitira mwina, ndi IPC basi, mayeso a luso louluka ndi zipangizo, pamaso pa mlangizi, ndipo apa m'pamene ambiri mumathawa chifukwa cha manyazi, kuopa kuti mlangizi aona kuti manja anachita dzimbiri. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ena mpaka mumalemba mu logbook, buku la maulendo anu, ma approach omwe munauluka dzuwa likuswa mtengo, maso ali panja, n'kumati mwakwanitsa. Mukunamiza ndani? Mtambo suwerenga logbook.

Mnyamata uja ndinamufunsanso za zipangizo, ndipo apa m'pamene mtima unandiwawa kwambiri. Database ya GPS, mndandanda wa njira ndi mabwalo, inali yakale ndi miyezi itatu, pomwe imasintha masiku 28 aliwonse. Iye akuti mapiri sasuntha. Mapiri sasuntha, koma ma approach amasinthidwa, ma waypoint (malo odutsira pa njira) amachotsedwa, malire otsikira amakwezedwa munthu akamanga nsanja yatsopano pafupi ndi bwalo. VOR yake, chipangizo chotsata njira ndi mawailesi a pansi, anali asanaiyese, chikhalirecho lamulo la 91.171 limati ngati uidalira pa IFR ikhale itayesedwa m'masiku 30 apitawo, yosaphonya kuposa madigiri 4 ukayesera pansi kapena 6 uli m'mwamba, ndipo ulembe tsiku, malo, kuphonya kwake ndi kusaina. Ntchito ya mphindi zochepa chabe. Altimeter (yoonetsa kutalika kwa ndege m'mwamba) ndi static system yake yoyeza mpweya, komanso transponder (yodziwitsa radar za ndege), ziziyesedwa miyezi 24 iliyonse. Ndinamufunsa kuti zake zinayesedwa liti, anangoyang'ana kumbali. Ukutsika m'chifunga ukudalira singano yomwe sudziwa ngati ikunena zoona?

Ndiye pali mliri wa iPad uwu. Sindikudana nayo, nanenso ndimayenda nayo ndipo imathandiza. Koma si chipangizo chovomerezeka choti chikutsogolereni pa IFR m'malo mwa GPS yomangidwa mu ndege. Ikatentha imazima, batire imatha. Ikazima muli pakati pa mtambo mugwira chiyani? Autopilot ikakana, mudzatha kuigwira ndege ndi manja anu uku mukuyankha wailesi? Munayesa liti kuuluka attitude indicator, yoonetsa kupendekeka kwa ndege, itaphimbidwa?

Musaganize kuti chiphaso chili m'chikwamacho chidzakuulukirani. Kafukufuku wa pa University of Illinois mu 1954 anapeza kuti oyendetsa ndege osaphunzira zipangizo amataya ndege pakangotha pafupifupi masekondi 178 atasiya kuona panja. Pa 16 July 1999 John F. Kennedy Jr. anagwera m'nyanja pafupi ndi Martha's Vineyard mu Piper Saratoga, usiku wa nkhungu, pamodzi ndi mkazi wake ndi mlamu wake, ndipo a NTSB, bungwe lofufuza ngozi ku America, anapeza kuti anasokonezeka osadziwanso kumwamba ndi pansi. Mudzati iye analibe instrument rating (chilolezo chouluka ndi zipangizo), inu muli nayo. Khutu lam'kati likayamba kunama kuti ndege ili mowongoka pomwe yapendekeka, silifunsa kuti munakhoza mayeso chaka chiti. Amene wakhala chaka osalowa m'mtambo sasiyana kwenikweni ndi amene sanaphunzirepo, kungoti iye amalowamo molimba mtima.

Chimene chimandipweteka ndi anthu omwe mumawanyamula. Mayi uja sadziwa 61.57, sadziwa database, anangokwera chifukwa amakhulupirira mwamuna wake. Ngati logbook yanu yagona, imbirani mlangizi lero lomwe. Ngati simukufuna, ndege isiyeni mu hangar, ana a eni muwasiye pansi.