Ana inu okonda Danai Gurira, taimani kaye mumve

Ndikulemba mtima ukundiwawa. Ana inu a ku Mbare, Mufakose ndi Highfield muno mu Harare, mundimvere, ngakhale mumati ife achikulire za mafilimu sitizidziwa.

Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi, mdzukulu wanga anandipatsa foni n'kundifunsa kuti, "Agogo, anzanga onse alowa gulu la okonda Danai Gurira pa WhatsApp. Nane ndilowe?" Ndinavala magalasi kuti ndione bwino. Chithunzi chinalidi cha mayi wosewera m'mafilimuyo, kumutu mpala, mkondo m'manja. Koma m'munsi mwake munali nambala yoti aliyense atumizeko madola 10 a khadi la umembala, ndipo ofuna kukayesedwa m'filimu ku America atumizenso chithunzi cha chitupa ndi pasipoti.

Mwana wa anansi athu anali atatumiza kale, kawiri konse. Ndalamazo n'za amayi ake, amene amalawira kusanache kukapikula tomato ku Mbare Musika. Ndinawapeza pakhonde atamasula mfundo ya chitenje, akuwerenga mobwerezabwereza ndalama za lendi zosakwana, misozi ili chuchuchu. Nambala ija tsopano ikungoti siikupezeka.

Kodi nzeru mwaziika kuti? Munthu wosewera m'mafilimu a Hollywood angasowe madola 10 a mwana wa ku Mbare? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Aliyense akhoza kutola chithunzi pa intaneti n'kudzitcha dzina la mwini wake.

Chimene chandipweteka koposa ndi chitupacho. Inu simudziwa mmene chinavutira. Makolo athu anabwera kuno wapansi kuchokera ku Nyasaland, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu. Ife ana awo, obadwira konkuno, tinakhala zaka zambiri ndi zitupa zolembedwa kuti ndife alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi amene anatsegula njira yoti obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko a SADC akhale nzika. Tinafola mizere padzuwa, ena mpaka kugona komweko. Lero inu mukungochijambula n'kutumizira munthu amene nkhope yake simunaionepo, woti akhoza kukatengera ngongole m'dzina lanu. Manyazi mulibe?

Sindikuletsa kumukonda mayiyu, ayi. Ndi woyenera ulemu. Koma ndinafunsa mdzukulu wangayo zimene akudziwa za iye, anangoti kukamwa yasa. Danai anabadwira ku Iowa mu 1978, makolo ake anabwera naye kuno mu 1983, ndipo anakulira muno mu Harare, n'kuphunzira pasukulu ya Dominican Convent. Anabwerera ku America kukachita maphunziro apamwamba mpaka ku New York University. Analemba zisudzo zake zaka zambiri, ndipo pamene filimu ya Black Panther, imene anaseweramo atanyamula mkondo uja, inkatuluka mu 2018, anali ndi zaka 40. Zaka 40, ana inu! Mu 2011 anathandiza kuyambitsa Almasi, bungwe lophunzitsa aluso a zisudzo m'dziko lino. Inu mwangoona mkondo ndi zovala zofiira, thukuta lonselo simukuliwerengera, n'chifukwa chake mukukhulupirira kuti khomo la Hollywood limatseguka ndi madola 10.

Nanunso makolo anzanga, tisamangogula mabandulo n'kutembenuka. Tiziona zimene ana akuchita m'mafonimo.

Mdzukulu wanga ndamuuza kuti m'gululo asalowemo. Ngati amukondadi mayiyu, Loweruka abwere ndi kope ndi cholembera, ayambe kulemba sewero la Khrisimasi limene achinyamata akutchalitchi akhala akulisowa. Mawa m'mawa ndikuperekeza mayi a mwana uja kupolisi, tikanene za nambala ija ndi za chitupa chimene chili m'manja mwa achilendo. Ngati wanu anatumizanso, tikumane pa siteji ya makombi 7 koloko, foniyo mubwere nayo, mauthengawo musafute.