Mbendera ku Búzi, makasu ku Chilobwe: makomiti a ngozi kuno ndi kutsidya kwa Ruo

Namondwe wa Freddy anatera pamtunda kachiwiri pa 11 March 2023 pafupi ndi Quelimane ku Mozambique, mphepo yake ili yamphamvu kwambiri. Pomwe ankafika kuno mphepo inali itafooka, kunatsala chimvula. Komabe ku Mozambique anapha anthu pafupifupi 200, pamene ku Malawi boma linawerenga mitembo 679 ndi anthu ena oposa 500 osowa. Mapiri athu ali ndi mbali yake pa kusiyanaku, ndipo ndifikako. Mbali ina ili pa zimene anthu wamba a m'mudzi amadziwa kuchita asilikali ndi helikopita zisanafike, chifukwa pa maola oyambirira wopulumutsa munthu amakhala mnansi wake basi.

Anzathu a ku Mozambique anaphunzira ndi misozi. Mu 2000 mtsinje wa Limpopo ndi ina ya kummwera inasefukira, namondwe wa Eline n'kuwonjezera, anthu pafupifupi 700 n'kufa. Ndi chaka chomwe mayi wina anaberekera mwana mumtengo ku Chibuto, dziko lonse likuonera pa kanema. Kuchokera pamenepo bungwe lawo loona za ngozi, lomwe linkatchedwa INGC ndipo pano ndi INGD, linayamba kukhazikitsa makomiti m'midzi. Komiti imodzi imakhala ndi anthu odzipereka apakati pa 12 ndi 18, amuna ndi amayi, osankhidwa ndi mudzi. Chimene chimandikopa ndi mmene amagawirana ntchito. Pali womvera wailesi, amene ntchito yake n'kukhala ndi wailesi ya mabatire amoyo ndi kumasulira uthenga wa Chipwitikizi m'chilankhulo cha pamudzi. Pali ochenjeza, oyenda ndi chimkuzamawu ndi wenzulo. Pali osamutsa anthu, odziwa njira yopita kumtunda ndi nyumba zimene muli nkhalamba, olumala ndi amayi oyembekezera. Pali ofufuza ndi kupulumutsa, oyang'anira malo othawirako, ndi owerenga zowonongeka. Komiti imapatsidwa katundu wake: zingwe, majekete oyandamitsa, matochi, mabokosi a thandizo loyamba, njinga, ndi mbendera.

Mbenderazo n'zitatu. Ya buluu ikakwera, namondwe angafike pakati pa maola 24 ndi 48. Yachikasu, watsala maola osapitirira 24. Yofiira, maola 6 okha, aliyense akhale pamalo otetezeka. Gogo wosadziwa kuwerenga safunika kumufotokozera. Ndipo mvula isanayambe amachita zoyeserera, kuyenda njira yothawira ndi miyendo yawo, mwana kumbuyo, kuti aone ngati pamlatho paja pangadutsike usiku. M'chigwa cha mtsinje wa Búzi anawonjezera anthu owerenga mulingo wa mvula ndi wa mtsinje kumtunda, otumiza uthenga pa wailesi kwa akumunsi, ndipo dongosolo limeneli linagwira ntchito pa namondwe wa Favio mu February 2007.

Kwathu nkhani inayambira kwina. Lamulo limene linabala nthambi ya boma yoona za ngozi ya DoDMA linabwera mu 1991, napolo atatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe n'kukokolola anthu mazanamazana. Mtima wa lamulolo unali pa chithandizo: ngozi yagwa, tipeze chimanga, mabulangete ndi mapepala a pulasitiki. Tinakhala nalo zaka zoposa 30, mpaka Nyumba ya Malamulo inavomereza latsopano mu 2023, Freddy atatipweteka kale. Makomiti tili nawo, kuyambira ku boma, kwa mfumu yaikulu, mpaka makomiti a ngozi a m'midzi, odziwika kuti VCPC, kwa gulupu. Koma funsani komiti yambiri kuti muli ndani, akuuzani kuti wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma ndi makomiti membala, mofanana ndi komiti ya pamjigo. Ntchito imene anthu amaidziwa nayo ndi kalembera wa olandira ufa. N'chifukwa chake mpando wa mu VCPC umalimbiranidwa madzi akaphwa, osati asanabwere.

Sindikunena kuti kulibe luso. Pitani ku Nsanje ndi ku Chikwawa, makamaka kuchokera pa madzi a January 2015 amene anasowetsa pokhala anthu oposa 200,000 ndi kusandutsa Makhanga chilumba. Mupeza mitengo yoyezera madzi yopakidwa penti yobiriwira, yachikasu ndi yofiira m'mbali mwa mitsinje, ndi munthu wakumtunda amene amaimbira foni anzake akumunsi madzi akafika pachikasu. Mupeza achinyamata ophunzitsidwa thandizo loyamba ndi a Red Cross, ndi eni mabwato odziwa Shire kuposa msilikali aliyense wochokera ku Lilongwe. Vuto n'lakuti zambiri mwa izi zinabwera ndi mapulojekiti. Pulojekiti ikatha, mabatire a chimkuzamawu amatha, mayunitsi a foni palibe wogula, wophunzitsidwa uja wapita ku Joni, ndipo mudzi woyandikana nawo umene bungwe silinafikeko sunaonepo chilichonse. Ku Mozambique mabungwe akunja amathandizanso kwambiri, koma chikombole cha komiti n'chimodzi dziko lonse, ndipo mwini wake ndi boma. Apa ndiye atiposa.

Luso lenilenilo si lapatali ayi, ndipo silifuna satifiketi. Munthu akukokoloka ndi madzi, osalumphiramo. Mponyereni chingwe, nsungwi, kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, inu mutagwira pamtengo. Ambiri amafa akupulumutsa anzawo. Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, ndiye powoloka n'kugwirana m'magulu, ndodo patsogolo. Wovulala akutaya magazi, pindani chitenje choyera, dinikizani pabala mwamphamvu osachotsachotsa kuti muone. Wokomoka koma akupuma, mgonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi kapena matope. Amene khoma lamugwera ndipo akudandaula khosi kapena msana, osamunyamula mwachisawawa. Pezani chitseko, anthu angapo amusunthe thupi lonse pamodzi. Pofukula m'matope, pakhale mmodzi wolamula kuti aliyense akhale chete kwa kanthawi, timve ngati wina akubuula pansi, ndipo mukayandikira munthu khasu liikidwe pambali, manja agwire ntchito. Pamsasa, chinthu choyamba ndi madzi othira klorini, chimbudzi kutali ndi chitsime, ndi Thanzi ORS. Freddy anatipeza tili kale pakati pa kolera amene anapha anthu oposa 1,700, ndiye izi si zongowonjezera. Palinso kabuku: mndandanda wa nyumba zonse ndi anthu ake, wosungidwa m'jumbo, kuti pofika kusukulu yothawirako mudziwe msanga amene palibe. Zonsezi mlangizi wa zaumoyo ndi volontiya wa Red Cross angaphunzitse pa masiku ochepa. Chovuta n'kubwereza chaka ndi chaka mpaka manja azichita okha.

Tisawatamande mopitirira anansi athuwa. Namondwe wa Idai atatera pafupi ndi Beira usiku wa pa 14 March 2019, madzi a Búzi ndi Pungwe anakwera kupitirira malo amene makomiti ankawatcha otetezeka. Anthu a ku Búzi komweko, kwawo kwa dongosolo lotchuka lija, anakhala masiku pamadenga ndi m'mitengo kudikira mabwato ndi ndege. Dzikolo linataya anthu oposa 600. Katundu wa makomiti ambiri anali atatha ntchito osabwezeretsedwa. Ndipo bungwe la Human Rights Watch linatulutsa madandaulo a amayi ena amene atsogoleri a m'midzi ankawakakamiza kugonana nawo kuti alembedwe pa mndandanda wa chakudya. Matenda a kalembera alipo mbali zonse za malire.

Pa nkhani yosamutsa anthu timasiyananso. Boma la Mozambique likalengeza chenjezo lofiira limatha kutumiza asilikali kukachotsa anthu mokakamiza, ndipo madzi a Zambezi a 2007 ndi 2008 atadutsa linamanga midzi yatsopano kumtunda m'maboma ngati Mutarara, Caia ndi Morrumbala. Ambiri amabwererabe kumadimba, poti nthaka ya kumtunda sidyetsa. Kuno timanyengerera, ndipo anthu a kwa Nyachikadza ku Nsanje akhala akukana kusamuka kwa zaka zambiri pa chifukwa chomwecho. Ine ndimaona kuti mphamvu yathu ili pa mafumu ndi mipingo. Uthenga wa nthambi ya zanyengo anthu amaukayikira, koma gulupu akayamba yekha kukusa mbuzi zake kupita kumtunda, mudzi umatsatira.

Ku Zambia ali ndi nthambi ya DMMU pansi pa ofesi ya wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndi makomiti ofika mpaka kumidzi mwa lamulo lawo la 2010, koma nkhawa yawo yaikulu ndi chilala ndi madzi okwera pang'onopang'ono. Amene tikufanana nawo zenizeni ndi a ku Zimbabwe. Idai atafika ku Chimanimani, chimene chinapha anthu ku Ngangu si mtsinje wa m'chigwa koma phiri, miyala ndi matope kutsika usiku anthu ali m'tulo. Patangopita zaka 4, zomwezo zinachitika ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, kwa Ntauchira ku Chiradzulu, ndi m'midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe.

Apa ndi pamene kutengera Mozambique sikungatikwanire. Makomiti awo anaumbidwira chigwa: madzi amene amapereka maola, bwato, jekete, njira yopita kumtunda. Napolo sapereka maola, ndipo kumtunda n'kumene amachokera. Ku Chilobwe anthu anafukula abale awo ndi makasu, mafosholo ndi manja, mvula ili pamsana, popanda wowauza poyambira. Chenjezo linaperekedwa pa wailesi ndi pa mafoni masiku angapo m'mbuyo, koma munthu wa lendi m'mphepete mwa phiri akamva kuti "samukirani kumalo okwera" amaona kuti uthengawo ndi wa anthu a ku Nsanje. M'matauni mwathu mulibe gulupu wa mphamvu ngati wakumudzi. Muli mabuloko lida, makhansala, ndi anthu osadziwana bwino. Komiti ya m'dera lotere ikufunika maphunziro akeake. Idziwe zizindikiro za phiri lokhuta madzi: ming'alu yatsopano pansi ndi m'makoma, mitengo ndi mapolo a magetsi kupendekeka, kasupe kutumphuka pamene panalibe, kamtsinje kusanduka phala la matope kapena kuphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, ndi mkokomo wochokera kumtunda. Idziwe kuti pothawa napolo sutsetsereka naye m'khwawa koma umathamangira chammbali. Ndipo mvula ikagwa masiku awiri osakata, ikhale ndi mphamvu yogogoda khomo ndi khomo madzulo kusanade, kuuza anthu a nyumba za m'makwawa kuti lero akagone kutchalitchi kapena kusukulu yakutiyakuti, kumene makiyi ake akudziwika ali ndi ndani. Napolo wa ku Zomba wa 1946 ndi wa ku Phalombe wa 1991 akanayenera kutipatsa maphunziro amenewa kalekale.

Chodabwitsa n'chakuti makomiti a mbali ziwiri za malire sadziwana kwenikweni. Namondwe amayamba kuoneka ku Quelimane, Mocuba ndi Milange asanafike pa Muloza. Mvula ikagwa pa phiri la Mulanje imatsika ndi Ruo, kukakumana ndi Shire pa Chiromo, n'kupitirira kukamiza minda ya ku Morrumbala ndi Mutarara. Iwo amaona mphepo poyamba, ife timaona madzi poyamba. Anthu ake amalankhula Chisena, Chilomwe ndi Chinyanja chomwecho, amagulitsana pamisika imodzi, ndipo madzi akavuta a kutsidya amathawira m'misasa ya ku Nsanje. Wowerenga mulingo wa Ruo ku Mulanje angathe kukhala ndi nambala ya womvera wailesi wa ku Milange popanda kudikira msonkhano wa nduna, ndipo zoyeserera za mu November zingachitike tsiku limodzi mbali zonse za mtsinje.