Mpingo usakhale chete pa nkhani ya malipiro

A mlembi, mwalemba kuti mpingo uzingolalikira za kumwamba, nkhani za malipiro ndi umphawi uziwasiyira andale. Pepani, pamenepa ndiye sindikugwirizana nanu ngakhale pang'ono.

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi awo m'Malawi muno. Idakamba za antchito olipidwa ndalama yosakwana kudyetsa banja, za ana odzazana m'makalasi, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Boma lidati kalatayo ndi youkira, malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka adatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Pa 14 Juni 1993 tidavota pa riferendamu yosankha pakati pa ulamuliro wa chipani chimodzi ndi wa zipani zambiri. Maepiskopiwo akadatsata maganizo anuwa, ndani akadatiyankhulira nthawi imene aliyense ankanong'ona?

Komabe chimene chimandiwawa kwambiri si za ku Capital Hill ayi, ndi za m'makomo mwathu ife opempherafe. Mtsikana wantchito walawirira kusesa ndi kuchapa mwezi wonse, pomaliza akuuzidwa kuti "dikira kaye, zinthu zavuta", chonsecho Lamulungu abwana apereka chakhumi chawo mosaphonya. Waganyu wapalira munda mpaka dzuwa kulowa, ife n'kumupatsa kambale ka madeya. Yakobo 5:4 akunena poyera kuti malipiro amene tawamana okolola m'minda mwathu akufuula, ndipo kulira kwawo kwalowa m'makutu a Ambuye. Abusa athu azilalikiranso vesi limeneli, ngakhale pa benchi yakutsogolo pakhale mkulu wampingo amene sadamulipirebe mlonda wake.