Kutsegula PlayStation yakale kuti iziwerenga zimbale zonse si umbava

Nthawi iliyonse munthu akanena kuti waika modchip (kachipangizo kolambalala loko wa makina) mu PlayStation yake yakale, kapena kuti wapeza njira yoti Sega Saturn yake iziwerenga zimbale zochokera ku Japan, sipalephera kupezeka wina womunena kuti ndi wakuba. Ine ndikutsutsana nawo maganizo amenewa, ndipo ndinena mosapita m'mbali. Munthu amene ali ndi makina a magemu omwe eni ake analeka kupanga kalekale ali ndi ufulu wowasintha kuti azisewerapo zimbale za m'mayiko ena komanso makope a zimbale zimene iye mwini anagula. Ndikuonanso kuti m'zaka zikubwerazi makina amene adzakhale akugwirabe ntchito ndi omwewa amene anthu ofatsa anawatsegula n'kuwasamalira.

Ndiyambe ndi mmene loko wake amagwirira ntchito, chifukwa ambiri amene amaweruza nkhaniyi sadziwa chimene modchip imachita. PlayStation yoyamba inatuluka ku Japan mu December 1994, kenako ku America ndi ku Ulaya mu September 1995. Pa chimbale chilichonse cha Sony, chakumayambiriro kwenikweni, mzere umene diso la makinawo limatsatira unapangidwa mokhotakhota pang'ono mwadala, ndipo m'kukhotakhota kumeneko munabisidwa zilembo zinayi: SCEI ku Japan, SCEA ku America, SCEE ku Ulaya. Makina akayatsidwa amayamba afufuza zilembozo. Akapeza za chigawo china amakana, ndipo akapanda kuzipeza n'komwe amakananso. Kompyuta yokopera zimbale imatha kutenga gemu yonse popanda kusiyako kanthu, koma singathe kulemba kukhotakhota kuja pa CD-R (chimbale chopanda kanthu cholemberapo makope), n'chifukwa chake kope silidutsa. Apa n'zoonekeratu kuti Sony inamanga zinthu ziwiri zosiyana ndi loko mmodzi. Njira imene imaletsa chimbale chokopedwa mwachinyengo ndi yomweyo imene imaletsa chimbale chenicheni, chogulidwa ndi ndalama zoona, chimene cholakwa chake n'chakuti chinagulidwa ku Tokyo m'malo mwa ku London.

Modchip ndi kachipangizo kakang'ono kowotchereredwa ndi timawaya tochepa pa bolodi la makinawo, ndipo ntchito yake ndi kutumiza zilembo zija pa nthawi imene makina akuziyembekezera. Sikopera gemu, sitenga kanthu kwa munthu aliyense. Modchip isanafale, anthu ankayamba ndi chimbale chovomerezeka, n'kuchichotsa mwachangu chikuzungulira, n'kuikapo china makina atawerenga kale zilembozo, njira imene inkakanda zimbale ndi kutopetsa injini yozungulitsa. Sony nayo sinakhale chete. Magemu ena a m'zaka zotsatira anayamba kufufuza ngati zilembo zija zikubwerabe gemu ili mkati, chomwe ndi chizindikiro cha modchip, ndipo ku Ulaya kunabwera chitetezo chotchedwa LibCrypt chimene chinkasokoneza gemu ngati kope silinatengedwe bwino. Opanga ma modchip anayankha ndi atsopano amene amangolankhula kamodzi poyambirira kenako n'kukhala chete.

Tsopano funso limene ndimafuna kuti otsutsa aziliyankha ndi ili: kodi kugawa dziko m'zigawo kunkateteza ndani? Kunkateteza mitengo, masiku otulutsira magemu, ndi mapangano a makampani ogulitsa m'dziko lililonse. Zimenezi n'zomveka pa malonda, koma wosewera sankapindula nazo. Munthu wa ku Ulaya amene anali ndi PlayStation sanagulitsidwe Xenogears, Chrono Cross kapena Parasite Eve yoyamba m'nthawi imeneyo, ngakhale kuti magemu atatuwa anali atamasuliridwa kale m'Chingelezi kuti agulitsidwe ku America. Radiant Silvergun ya pa Saturn, ya mu 1998, inangogulitsidwa ku Japan kokha. Munthu wofuna kusewera magemu amenewa analibe sitolo ya m'dziko mwake yoti akapereke ndalama zake. Akaitanitsa chimbale kunja, wopanga gemuyo ankalandirabe gawo lake, koma makina ankakana. Ine sindiona mlandu pa munthu amene analipira kawiri, makina ndi chimbale, n'kufuna kuti zinthu zake ziwirizo zigwirizane.

Panalinso vuto lina limene achinyamata a lero sangalidziwe. Ma TV a ku Japan ndi ku America ankagwiritsa ntchito NTSC, imene imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, pamene ku Ulaya kunali PAL ya ka 50. Magemu ambiri ankasamutsidwira ku PAL mwaulesi, moti ankayenda pang'onopang'ono ndi pafupifupi 17 peresenti, chithunzi chitafinyika ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Pa gemu ya nkhonya kapena ya mpikisano wa magalimoto, kusiyana kumeneku kumamveka m'zala. Choncho ngakhale gemu imene inatuluka m'zigawo zonse, munthu akhoza kukhala ndi chifukwa chomveka chofunira ya NTSC, kuti aione monga mmene opanga ake anaikonzera.

Chimene chimandilimbitsa mtima kwambiri n'chakuti makampaniwo anadzasiya okha khalidweli. Magemu a PlayStation 3, imene inatuluka mu 2006, pafupifupi onse amasewereka pa makina a chigawo chilichonse, ndipo Nintendo Switch ya mu 2017 inabweranso yopanda loko wa zigawo. Ngati eni ake anaona kuti malonda angayende popanda mpanda umenewu, n'chifukwa chiyani ife tiziulemekeza pa makina amene Sony inasiya kupanga mu 2006?

Nkhani ya makope ndiyo ili ndi minga, ndipo sindikufuna kuilambalala. N'zoona kuti ma modchip ambiri a m'zaka za m'ma 1990 ankagulidwa ndi anthu ofuna magemu aulere, ndipo n'zoona kuti panali amalonda amene ankadinda zimbale zambirimbiri n'kumagulitsa ntchito ya ena. Dreamcast ya Sega inalawa zowawa kwambiri: ngakhale inali ndi zimbale zakezake za GD-ROM, anthu anatulukira kuti njira yotchedwa MIL-CD inkalola makinawo kuyatsa CD-R wamba popanda kuwotcherera chilichonse, ndipo pofika mu 2000 makope anali ponseponse. Sega inasiya kupanga Dreamcast mu 2001. Zifukwa zake zinali zambiri, kuphatikizapo kubwera kwa PlayStation 2, koma palibe munthu woona mtima amene anganene kuti kukopa kumeneko kunaithandiza. Wogulitsa makope a magemu a ena akulakwa, kale ndi lero lomwe, ndipo gemu yakale ikakhala kuti yatulutsidwanso ndipo ikugulitsidwa movomerezeka, ine ndimati igulidwe.

Koma kope la chimbale chako ndi nkhani ina. Chimbale sichikhala mpaka kalekale. Chimakandika, chimang'aluka pakati, ndipo kansalu kowala kamene kamasunga uthenga kamatha kuwonongeka pakokha ngakhale chimbalecho chitasungidwa m'kabati. Magemu ena amene anadindidwa ochepa sakupezekanso mwachisawawa, ndipo munthu amene ali nacho chimodzi amadziwa kuti chikafa sadzachipezanso. Mu 2023 bungwe la Video Game History Foundation linatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti magemu 87 pa 100 alionse amene anatulutsidwa ku America chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso mwa njira iliyonse yovomerezeka. Chiwerengero chimenechi chiyenera kudetsa nkhawa aliyense amene amaona kuti magemu ndi luso lofunika kusungidwa. Mlimi wanzeru sadya mbewu yake, ndipo munthu amene amasunga chimbale chenicheni m'bokosi n'kumasewera kope lake akuchita chimodzimodzi.

Pa za malamulo, mayiko sagwirizana, ndipo zimenezi pazokha zikusonyeza kuti nkhaniyi si yophweka monga ena amaitengera. Ku America lamulo la DMCA la mu 1998 limaletsa kulambalala chitetezo cha umwini komanso kugulitsa zipangizo zochitira zimenezo. Ku Britain, khoti linagamula mokomera Sony mu 2004 pa mlandu wa ma modchip a PlayStation 2. Koma ku Australia, mu 2005, khoti lalikulu la dzikolo linagamula mokomera Eddy Stevens, amene ankaika ma modchip mu PlayStation, pa mlandu wake ndi Sony, ponena kuti loko wa PlayStation sankalowa m'gulu la zitetezo zimene lamulo la nthawiyo linkazitchinjiriza. Aliyense ayenera kudziwa zimene lamulo la kumene akukhala likunena, makamaka ngati akufuna kuchita zimenezi monga bizinesi. Ine ndikunena za chimene chili choyenera, ndipo ndikukhulupirira kuti pamene lamulo limaika mwini chimbale m'gulu limodzi ndi wogulitsa makope, lamulolo ndilo likufunika kukonzedwa.

Ndili ndi dandaulo kwa anzanga okonda kutsegula makina, chifukwa ufulu umenewu ena akuugwiritsa ntchito mosasamala. Makina amenewa sakupangidwanso, ndipo alionse amene afa m'manja mwa munthu wophunzirira kuwotcherera achoka pa chiwerengero mpaka kalekale. Timizere ta pa bolodi n'tating'ono kwambiri, ndipo chowotcherera chotentha mopitirira muyezo chimatimatula m'kanthawi kochepa. Mabolodi a PlayStation anasinthasintha kuchokera pa SCPH-1000 mpaka pa PSone ya mu 2000, moti chithunzi cha mawaya cha mtundu wina sichigwira pa mtundu wina. Choipa kwambiri ndi chizolowezi chopotoza kakoloko kamene kamawonjezera mphamvu ya laser pofuna kuti diso lotopa liziwerenga CD-R. Makina amatsitsimuka kwa kanthawi, kenako diso limafa msanga kuposa mmene likanafera. Komanso CD-R sibweza kuwala bwino ngati chimbale chodindidwa ku fakitale, choncho zimbale zotchipa zolembedwa mothamanga zimavutitsa diso limene ndi lokalamba kale.

Masiku ano palibenso chifukwa chothamangira kuwotcherera. Mu 2021 kunatuluka Tonyhax ndi FreePSXBoot, njira zimene zimatsegula PlayStation yoyamba kudzera pa memori khadi, popanda kumasula sikuluu ngakhale imodzi. Pa PlayStation 2, FreeMcBoot imakhalanso pa memori khadi ndipo imagwira pa mitundu yambiri, kupatula ina mwa yomalizira ya makina opyapyala aja, ndipo ikaphatikizidwa ndi pulogalamu ya Open PS2 Loader munthu amasewera magemu ake kuchokera pa hard drive diso likupuma. Pa Saturn, katiriji ya Action Replay imalola zimbale zenizeni za zigawo zonse. Njira zimenezi ndimazikonda chifukwa zimabwezeka: ukachotsa khadi kapena katiriji, makina abwerera mmene anachokera ku fakitale. Pamene diso lafa ndithu, pali zipangizo monga XStation ya PlayStation, Fenrir ya Saturn ndi GDEMU ya Dreamcast, zimene zimalowa m'malo mwa chowerengera zimbale n'kumatenga magemu pa SD khadi. Ena amati makina otero ataya uweniweni wake. Ine ndimaona kuti purosesa, chithunzi, mawu ndi chogwirira m'manja zonse ndi zomwe zija, ndipo makina amene akanatayidwa akuyakabe.

Amene akuitanitsa makina kapena zimbale kunja akumbukire zinthu ziwiri zimene modchip singakonze. Makina a ku Japan anapangidwira magetsi a mavoti 100 ndipo a ku America mavoti 120, choncho kuwalumikiza mwachindunji ku magetsi a mavoti 230 kumawotcha gawo lolandirira magetsi nthawi yomweyo. Pamafunika thiransifoma yotsitsa mphamvu kapena kusintha gawolo. Chachiwiri, gemu ya NTSC pa makina a PAL imatha kuoneka yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera yokha, ngati TV ndi waya wake sizikugwirizana nayo, ndipo kawirikawiri waya wa RGB ndiwo umathetsa vutoli. Ndipo amene wachotsa chowerengera zimbale chakale kuti aike chipangizo chatsopano asachitaye. Achikulunge bwino, alembepo mtundu wa makina amene chachokera, kuti mwini wotsatira adzathe kuchibwezeretsa akadzafuna.